Tisanawerenge matumba a feteleza, tiyeze nthaka ya ku Mulanje ndi Thyolo

Akonzi,

Zikomo pondipatsa danga m'nyuzipepala yanu. Chaka chilichonse mvula ikamayandikira, masamba anu amadzaza ndi nkhani za feteleza: ndani walowa m'kaundula wa zipangizo zotsika mtengo, thumba lafika pa ndalama zingati, katundu wachoka liti ku Beira kapena ku Nacala. Kuyambira pomwe makuponi anayamba mu 2005 mpaka AIP yomwe inabwera mu 2020, mkangano wathu wakhala wa kuchuluka kwa matumba. Ine ndikufuna tikambeko za nthaka yomwe fetelezayo amagweramo. Ndinaphunzitsa sayansi ku sekondale mpaka kupuma, ndipo tsopano ndimalima kagawo ka tiyi, chimanga ndi nandolo kuno ku Mulanje. Zomwe ndikuona m'minda ya anzanga zimandiwawa mumtima, chifukwa vutoli limadziwika bwino ndipo mankhwala ake alipo m'dziko mwathu momwemuno.

Alimi kuno amati nthaka inazolowera feteleza. Ena amati feteleza anaiwotcha. Munda womwe kale thumba limodzi linkakwana, lero uthire awiri chimanga chikungolekeza m'chiuno, masamba apansi akuuma m'mphepete, ndipo ukazula phesi upeza mizu yaifupi, yotupa kunsonga, yosalowa pansi. Kukangochita ng'amba ya sabata ziwiri mu Januwale, chimanga chotere chimafota msanga. Alimiwo sakunama, aona ndi maso awo. Chomwe sanauzidwe ndi chakuti nthaka ili ndi malire a chakudya chomwe ingasunge, ndiponso kuti malo osungirawo akhoza kulandidwa ndi chinthu chomwe chimapha mizu.

Cha m'ma 1850 ku England, mlimi wina dzina lake H. S. Thompson ndi katswiri wa sayansi J. Thomas Way anathira madzi osungunuliramo salufeti ya amoniya pamwamba pa dothi lomwe analiika m'chubu. Madzi omwe anadontha pansi anali atataya amoniyamu. M'malo mwake munali kashiamu, pomwe salufetiyo inadutsa osagwidwa. Dothi linagwira china n'kumasula china, ndipo chomasulidwacho chinkalingana ndi chogwidwacho. Sayansi yonse ya kasungidwe ka chakudya cha mbewu m'nthaka inayambira pamenepo.

Mchere uliwonse ukasungunuka m'madzi umagawika kukhala tizidutswa tokhala ndi chaji ya magetsi, tomwe asayansi amatitcha ma-ion. Potaziyamu, amoniyamu ndi sodiyamu ali ndi chaji imodzi ya pozitivi, kashiamu ndi maginiziyamu ali ndi ziwiri, aluminiyamu ali ndi zitatu. Tinthu ting'onoting'ono ta dongo ndi ta manyowa owolerana tili ndi chaji ya negativi, motero timakoka tizidutswa ta pozitivi n'kutigwira kuti madzi asatitenge. Ana asukulu ndinkawauza kuti aganize za galimoto ya matola yodzaza yomwe mpando sukhala wopanda munthu: kuti wina akwere, wina ayenera kutsika, ndipo wa chaji zitatu akakwera amatsitsa atatu a chaji imodzi. Muzu ukafuna potaziyamu umatulutsa haidirojeni wake n'kusinthanitsa. Zonse zimayenda mosinthana, ndipo chiwerengero cha malowo chili ndi polekezera.

Aphunzitsi anzanga omwe akudandaula kuti alibe zipangizo mu labotale akhoza kuonetsa izi ndi mabotolo atatu apulasitiki odulidwa pansi. Limodzi muikemo mchenga wa mumtsinje wotsuka bwino, lina katondo wa m'munda, lina makande osakaniza ndi mchenga pang'ono kuti madzi azidutsa. Sungunulani timadontho tochepa ta jivi, mankhwala apepo opaka pachilonda aja, m'madzi ambiri, n'kuthira mofanana m'mabotolo onse. Utoto wa jivi uli ndi chaji ya pozitivi. Mumchenga madzi amatuluka akadali apepo, pomwe m'dongo amatuluka oyera, ndipo mukapitiriza kuthira muona kuti katondo amayamba kudutsitsa utoto makande asanayambe. Mwana amene waona zimenezi saiwala, ndipo akafika kunyumba amakafotokozera makolo.

Kusiyana kwa katondo ndi makande kuli m'mtundu wa dongo. M'makande akuda a kuchigwa cha Phalombe ndi kumunsi kwa Shire, omwe amang'aluka m'chilimwe n'kumata m'dzinja, muli dongo la montmorillonite. Pomwe dongoli linkapangika, maginiziyamu analowa pamalo pa aluminiyamu m'kati mwake, ndipo mwina aluminiyamu analowa pamalo pa silikoni, zomwe zinasiya chaji ya negativi yosachoka. Akaliyeza pa muyeso wa cmol pa kilogalamu, womwe umawerengera malo osungira chakudya aja, limasunga pakati pa 80 ndi 150. Katondo wathu wofiira wa m'munsi mwa phiri ndi wa ku Thyolo ali ndi dongo la kaolinite losakanikirana ndi dzimbiri la chitsulo, ndipo kaolinite amasunga pakati pa 3 ndi 15 basi. Inachita zimenezi ndi mvula ndi kutentha kwa zaka zosawerengeka, zomwe zinatsuka miyala mpaka kutsala zosasungunuka zokha. Pamwamba pa phiri, ku Lichenya, kutsukaku kunafika pamapeto penipeni: ngakhale silikoni anachoka, n'kutsala miyala ya bauxite yomwe makampani akhala akuifuna kuti apangire aluminiyamu. Minda yathu ili panjira yomweyo, kungoti sinafike kumeneko.

Tsono tizidutswa tiwiri tikamalimbirana malo amodzi, kamapambana n'kati? Yankho lili mu nthambi ya sayansi yotchedwa thermodynamics, yowerengera mphamvu ndi kutentha. Josiah Willard Gibbs wa ku America, m'zaka za m'ma 1870, anasonyeza kuti kusintha kulikonse kumalowera mbali yomwe zinthu ziwiri zikaphatikizidwa zimalola: kutentha komwe kumatuluka kapena kumafunika, ndi ufulu womwazikana womwe tizidutswa timapeza kapena kutaya. Vanselow mu 1932, Gapon mu 1933, kenako Gaines ndi Thomas mu 1953, anatenga maganizo amenewa n'kuwalembera masamu oyezera kuti dongo limakonda chiyani pakati pa ma-ion awiri, ndipo limakonda mochuluka bwanji.

Chomwe chimandisangalatsa kwambiri m'masamu amenewa ndi mbali ya madzi. Ion aliyense akakhala m'madzi amazingidwa ndi mamolekyu a madzi omwe amamumamatira, ndipo kuti ayandikire pa dongo ayenera kukankha ena mwa madziwo. Mphamvu yomwe madzi amagwirira potaziyamu ndi pafupifupi ma-kilojoule 320 pa mole (muyeso wa kuchuluka kwa tizidutswa), sodiyamu pafupifupi 400, kashiamu pafupifupi 1,600, maginiziyamu pafupifupi 1,900, ndipo aluminiyamu kupitirira 4,600. Potaziyamu ndi wamkulu thupi kuposa sodiyamu, koma popeza madzi ake amawasiya mosavuta, amafika pafupi ndi dongo n'kugwidwa bwino kuposa sodiyamu. Chimodzimodzi kashiamu amaposa maginiziyamu. Koma chaji ndiyo imalamula kwambiri, motero mndandanda wa m'nthaka zambiri umayamba ndi aluminiyamu, kenako kashiamu, maginiziyamu, potaziyamu ndi amoniyamu, sodiyamu kumapeto. Kutentha nakonso kuli ndi mbali yake: potaziyamu akamalanda malo a kashiamu nthawi zambiri pamatuluka kutentha pang'ono, choncho nthaka ikatentha dongo limachepetsa kumukonda. Mbali imeneyo ndi yaing'ono poyerekeza ndi zomwe mvula imachita.

Akuluakulu anati walira mvula walira matope. Madera a tiyi kuno ku Mulanje amalandira mvula yopitirira mamilimita 1,500 pachaka, kuphatikiza chiperoni m'nyengo yozizira, ndipo timanyadira kuti kwathu n'kobiriwira. Mu 1947 R. K. Schofield wa ku Rothamsted ku England anafotokoza lamulo lomwe aliyense wolima kuno ayenera kulidziwa. Gawo la malo omwe potaziyamu amagwira pa dongo limatsatira kuchuluka kwake m'madzi a m'nthaka kukagawidwa ndi sikweya ruti ya kuchuluka kwa kashiamu. Tiyerekeze kuti mvula yawonjezera madzi kanayi. Potaziyamu m'madzimo watsika kanayi, kashiamu nayenso kanayi, koma sikweya ruti ya kanayi ndi kawiri. Zikatero mphamvu ya potaziyamu pa mpikisanowo yatsika ndi theka, ngakhale palibe chomwe chawonjezedwa kapena kuchotsedwa kupatula madzi. Pamene akulimbana ndi aluminiyamu wa chaji zitatu, kugonja kwake kumakula kuposa apa. Mvula ikachuluka, a chaji imodzi ndiwo amayamba kumasulidwa n'kupita pansi pomwe mizu siifika. N'chifukwa chake malangizo a feteleza omwe amagwira ntchito ku Lilongwe kapena ku Kasungu sangangokopedwa n'kubweretsedwa ku Limbuli kapena ku Makwasa.

Nanga feteleza amawotchadi nthaka? Pali choonadi m'mawu amenewa. Amoniyamu wochokera mu yureya kapena mu salufeti ya amoniya sakhalitsa. Tizilombo ta m'nthaka timamusandutsa naitireti, ndipo amoniyamu mmodzi aliyense amasiya ma-ion awiri a haidirojeni, omwe ndiwo asidi. Naitireti ali ndi chaji ya negativi, choncho dongo silimugwira kwenikweni. Mbewu ikalephera kumumwa msanga amatsika ndi madzi, ndipo satsika yekha: amatenga kashiamu, maginiziyamu kapena potaziyamu kuti chaji ilingane. Mabuku a zaulimi amawerengera kuti thumba la yureya la makilogalamu 50, lomwe lili ndi naitirojeni wokwana makilogalamu 23, limasiya asidi wofuna laimu pafupifupi makilogalamu 40 kuti athe. Thumba la salufeti ya amoniya limafuna laimu wopitirira makilogalamu 50, ngakhale naitirojeni wake sakwana theka la wa mu yureya. Tsono ganizani za munda womwe walandira feteleza wokulitsa ndi wobereketsa chaka ndi chaka kuyambira 2005, osalandirako laimu ngakhale kamodzi. Ngongole imeneyo ikadali m'nthakamo, ndipo ikukula.

Asidi akachuluka amayamba kudya dongo lenilenilo n'kumasula aluminiyamu yemwe anali womangika m'kati mwake. Izi zimayamba pH (muyeso womwe umatsika asidi akamachuluka) ikatsika pansi pa 5.5, ndipo zimafika poipa pansi pa 5. Aluminiyamu uja, ndi chaji zake zitatu, amakhala pamalo pomwe panayenera kukhala kashiamu ndi potaziyamu, ndipo sasunthika wamba. Wotsala m'madzi amapha nsonga za mizu, ndiyo mizu yotupa ija. Amamanganso fosiforasi wa mu feteleza wokulitsa kuti mbewu isamupeze. Mlimi akaona chimanga chachikasu amaganiza kuti naitirojeni wachepa, amakongola ndalama n'kuwonjezera yureya, ndipo asidi amawonjezekanso.

Pano pali chinthu chomwe chimasokoneza anthu a kuno makamaka. Tiyi amakonda nthaka ya asidi, pH ya pakati pa 4.5 ndi 5.5, ndipo amamwa aluminiyamu n'kumusunga m'masamba okalamba popanda kuvulala. Munthu akaona minda ya tiyi ikubiriwira kuyambira ku Thyolo mpaka ku Muloza amati nthaka ya kuno ndi yachonde. Ndi yabwino kwa tiyi. Chinangwa ndi chinanazi nazonso zimapirira asidi, n'chifukwa chake chinanazi cha ku Mulanje chimatchuka. Chimanga, nyemba, soya ndi mtedza zimafuna pH yoyandikira 6, ndipo nthochi imafuna potaziyamu wambiri, yemweyo amene amathawa ndi mvula. Ambiri mwa ife tinaphunzira kathiridwe ka feteleza m'maesiteti kapena m'makalabu a tiyi, ndipo nzeru yomweyo timaitengera kumunda wa chimanga womwe uli tsidya la mpanda, pomwe mbewu ziwirizi zikufuna nthaka zosiyana.

Mankhwala a asidi ndi laimu waulimi, mwala wa laimu wopera bwino. Akasungunuka amachotsa asidi, aluminiyamu amauma n'kukhala wosasungunuka, ndipo kashiamu amatenga malo ake. Pa katondo pali phindu lina lomwe anthu ambiri salidziwa. Chaji ya kaolinite, ya dzimbiri la chitsulo ndi ya manyowa siikhazikika ngati ya makande, imadalira pH. Nthaka ikakhala ya asidi, haidirojeni amatseka malo ambiri m'mphepete mwa tinthu ta dongo, ndipo pH ikakwera malowo amatseguka. Ndiye kuti laimu amachotsa wolanda malo, n'kuwonjezeranso malo enieniwo. Feteleza yemweyo wa thumba limodzi amakhalitsa pomwe mizu ili.

Kuchuluka kwake kumawerengeka. Dothi la pamwamba la hekitala imodzi, kuya masentimita 15, limalemera pafupifupi matani 2,000. Kuti muchotse cmol imodzi ya aluminiyamu pa kilogalamu iliyonse ya dothi limeneli pafunika tani imodzi ya laimu. Mu 1970 E. J. Kamprath, yemwe anafufuza nthaka zotsukika ngati zathuzi, analangiza kuti laimu aziwerengedwa potengera aluminiyamu amene wayezedwa, kuchulukitsa ndi 1.5, m'malo mofuna kukweza pH mpaka 7 monga amachitira kumaiko ozizira. Munda wokhala ndi cmol imodzi ufuna tani imodzi ndi theka pa hekitala, omwe ndi matumba 30 a makilogalamu 50, kapena matumba 12 pa ekala. Ndikudziwa kuti kwa mayi wa ku Thekerani wonyamula pamutu, matumba 12 si masewera. Koma laimu sathiridwa chaka chilichonse, amagwira ntchito zaka zingapo, ndipo munthu akhoza kuyamba ndi chigawo chimodzi cha munda kapena kuthira m'mizere mokha mobzala. Sitiyeneranso kumuitanitsa ndi ndalama zakunja: mwala wa laimu ulipo ku Balaka, ku Lirangwe ndi ku Changalume.

Ndichenjeze pang'ono, chifukwa laimu wothira mwachisawawa amawononga. M'munda wa tiyi musathire pokhapokha alangizi a tiyi atayeza n'kukuuzani. Laimu wopaka nyumba ndi waukali, amatentha manja ndi mbewu. Funsani waulimi, ndipo ngati alipo wa dolomite ndi wabwino chifukwa amabweretsanso maginiziyamu. Mukapyola muyeso mbewu zimasowa zinki. Musamusakanize ndi yureya kapena salufeti tsiku limodzi, chifukwa amoniyamu amasanduka mpweya n'kuuluka, ndipo mphuno yokha imakuuzani. Phulusa limachitanso chimodzimodzi, choncho amene amapanga manyowa a Mbeya asamale kuchuluka kwa phulusa ndi kumanga thumba bwino. Phulusa palokha, lothiridwa m'munda nthawi yake, ndi labwino: limachepetsa asidi ndipo lili ndi potaziyamu, yemweyo amene amayi amamusefa popanga chidulo.

Mnzake wa laimu ndi manyowa. Zinyalala zikawolerana mpaka kuda bii, zimasunga kupitirira 200 pa muyeso uja, kuposa ngakhale makande, ndipo m'katondo gawo lalikulu la malo osungira chakudya limachokera kwa izo. Pano sindikufuna kudzudzula aliyense. Kalembera wa 2018 anapeza anthu opitirira 700,000 m'boma la Thyolo ndi opitirira 680,000 m'boma la Mulanje, ndipo malo ambiri abwino ali pansi pa tiyi ndi makadamiya. Banja lokhala ndi theka la ekala silingagoneke munda, ziweto lilibe zokwanira, ndipo mapesi ndi mitengo ya nandolo ndizo nkhuni zake. Komabe masamba a nandolo omwe amayoyoka, makoko a nyemba, zitosi za nkhuku ndi mapesi otsala zikakwiriridwa m'malo motenthedwa posaka mbewa, zikuwonjezera malo omwe feteleza wogula modula uja adzakhalepo. Makolo athu omwe ankamwaza dothi la pachulu m'munda ankachita zomwezi, popeza chiswe chimakweza dongo ndi kashiamu kuchokera pansi.

Achinyamata ena a m'mudzi mwathu andionetsa pa foni malonda a zeolite, akuti ukathira m'munda feteleza sathawanso. Ndiyankhe mwachilungamo, chifukwa mwalawu ndi weniweni ndipo ndimaulemekeza. Axel Cronstedt wa ku Sweden anaufotokoza mu 1756 ataona kuti ukautenthetsa umatulutsa nthunzi. M'kati mwake silikoni, aluminiyamu ndi okosijeni zinalukana n'kusiya tinjira topapatiza kosakwana nanomita imodzi, ndipo paliponse pomwe aluminiyamu wakhala pamalo pa silikoni pamatsala chaji imodzi ya negativi. Mtundu wofala wotchedwa clinoptilolite, womwe umakumbidwa ku Turkey, ku Cuba, ku America ndi ku South Africa, umasunga pakati pa 150 ndi 200. Chosiyana ndi dongo ndi chakuti malo ake ali m'kati mwa tinjira tija, motero ion ayenera kusiya madzi ake ambiri kuti akhazikike bwino. Apa nkhani ya mphamvu ya madzi ija imatembenuza mndandanda. L. L. Ames anasonyeza mu 1960 kuti clinoptilolite amakonda siziyamu poyamba, kenako potaziyamu ndi amoniyamu, pomwe kashiamu ndi maginiziyamu, omwe amaumirira madzi awo, amatsalira kumbuyo ngakhale ali ndi chaji ziwiri. N'chifukwa chake zeolite anagwiritsidwa ntchito kugwira siziyamu wa poizoni pa ngozi za nyukiliya za ku Chernobyl mu 1986 ndi ku Fukushima mu 2011. Mtundu wina wopangidwa m'fakitale umaikidwa mu sopo waufa kuti ugwire kashiamu wa m'madzi.

Kwa mlimi, kukonda amoniyamu ndi potaziyamu kumeneku ndi nkhani yabwino. Vuto ndi masamu a munda. Kuti mukweze mphamvu yosunga ya hekitala imodzi ndi cmol imodzi yokha, mufunika matani oposa 10 a zeolite. Thumba limodzi kapena awiri omwazidwa pa ekala sangasinthe nthaka, ngakhale wogulitsa alonjeze bwanji. Zeolite sachotsanso asidi monga laimu, ndipo ngati anabwera atadzaza sodiyamu, chinthu choyamba chomwe adzamasule m'munda mwanu ndi sodiyamuyo. Komwe ndikuona kuti angathandize ndi pamalo ang'onoang'ono pomwe amoniyamu amawundana n'kutayika: pansi pa khola la nkhuku, pa mulu wa kompositi, m'machubu a mbande za tiyi ndi makadamiya ku nazale, mwinanso m'madzi a nsomba. Kumeneko kilogalamu iliyonse ikugwira ntchito. Munthu wokhala ndi ndalama ya chinthu chimodzi chokha, pakati pa zeolite ndi laimu, pa katondo wa asidi wobzalamo chimanga, agule laimu.

Pali anzathu ena omwe vuto lawo ndi losiyana. Namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 anakwirira minda yambiri ya m'mbali mwa mitsinje yochokera m'phiri ndi mchenga ndi miyala. Mchenga ulibe pogwirira chilichonse, monga botolo loyamba lija limasonyezera. Kuthira feteleza yense kamodzi pamalo otere n'kumupereka kwa mtsinje wa Ruo. Kumeneko afunika kugawa fetelezayo katatu kapena kanayi, pang'onopang'ono, ndi kuika manyowa m'phando momwe mbewu ikumera, ndipo laimu wambiri angawawonongere chifukwa mchenga sufuna wochuluka kuti pH ikwere. Malangizo amodzi a dziko lonse sangawathandize anthu amenewa.

Pempho langa kwa a unduna wa zaulimi ndi aphungu a maboma awiriwa ndi lakuti kuyeza nthaka kufike kumudzi. Tili ndi malo a kafukufuku a Bvumbwe m'boma la Thyolo, ndi a Tea Research Foundation ku Mimosa kuno ku Mulanje, komwe akatswiri akhala akuyeza nthaka za kuno kwa zaka zambiri. Nzeru imeneyo ilembedwe m'Chichewa, dera ndi dera, kuti mlimi wa ku Nkando kapena ku Goliati adziwe pH ya kwawo monga amadziwira mtengo wa nandolo. Mlangizi aliyense akhale ndi kachipangizo koyezera pH, komwe mtengo wake suposa wa matumba ochepa a feteleza. Boma linasintha kale feteleza wokulitsa kuchoka pa 23:21:0+4S kupita pa wokhala ndi potaziyamu ndi zinki, zomwe zikusonyeza kuti likudziwa kuti nthaka yasintha. Lipitirize pamenepo: m'madera omwe ayezedwa n'kupezeka a asidi, mlimi apatsidwe mwayi wotenga laimu pa ndondomeko ya zipangizo zotsika mtengo, ndipo ogulitsa zipangizo zaulimi ku Luchenza, ku Chitakale ndi ku Limbuli alimbikitsidwe kumusunga m'mashopu mwawo.

Laimu amasungunuka pang'onopang'ono, ndipo amafuna kusakanizidwa ndi dothi mwezi umodzi kapena iwiri mbewu isanabzalidwe. Nthawi yake ndi yososa ndi kuunda mizere, mu Seputembala ndi Okutobala. Ndikupemphani, Akonzi, kuti mtolankhani wanu wa zaulimi akacheze ndi akatswiri a nthaka ku Bvumbwe miyezi imeneyo isanafike, akawafunse pH ya minda ya chimanga ya maboma awiriwa ndi kuchuluka kwa laimu komwe akulangiza pa ekala, ndipo mayankho awo muwasindikize m'Chichewa.

Ine wanu,
Mphunzitsi wa sayansi wopuma pantchito,
Chitakale, Mulanje